Kodi anthu osauka a m'tauni azikumba okha ngalande zawo?

Masiku ano pulojekiti iliyonse ya misewu, ngalande, madzi kapena zimbudzi m'madera a anthu opeza zochepa imabwera ndi chiganizo choti "anthu eni ake atengapo mbali". Chiganizochi chimamveka bwino koma mkati mwake mumabisala zinthu ziwiri zosiyana kwambiri. Pena chimatanthauza kuti anthu a m'deralo ndi amene akusankha choti chimangidwe, ndalama akuziona, ntchito akuiyang'anira. Pena chimangotanthauza kuti aitanidwa ku msonkhano umodzi, ajambulidwa zithunzi, kenako apatsidwa makasu ndi mashovelo kuti akumbe ulere zinthu zomwe wina anasankha kale mu ofesi. Ine mtima wanga uli pa kusiyana kumeneku, chifukwa bungwe la United Nations limati anthu oposa 1 biliyoni pa dziko lapansi amakhala m'madera omangidwa mosatsata mapulani, ndipo kuno ku Africa kum'mwera kwa Sahara ndi pafupifupi theka la anthu onse a m'tauni, mwinanso kuposa. Nde funso loti ngalande za anthu amenewa azimanga ndani komanso motani si laling'ono.

Tiyambe ndi chifukwa chake njira ya masiku onse imakanika m'madera otere. Khonsolo ikafuna kumanga suweji imalemba injiniya, injiniya amajambula motsata malamulo omwe analembedwera madera oyalidwa bwino, msewu wotakata, mapaipi akuluakulu okwiriridwa mwakuya kuti malole akamadutsa asaphwanye, kenako tenda, kontirakitala, makina. Koma dera lomwe tikunenali nyumba zinamangidwa kale mothithikana, njira zake ndi tinjira toti wilibala yokha ndi imene imadutsa, ndipo nthawi zambiri pa mapu a khonsolo deralo palibe n'komwe, pamangooneka ngati malo opanda kanthu. Kuti pulani ya injiniyayo itheke pafunika kugumula nyumba zambiri, mtengo umakwera mpaka khonsolo imangoti ndalama palibe, ndipo zaka zimapita. Kuwonjezera apo akuluakulu ena amaopa kuti akabweretsa paipi ndiye kuti avomereza kuti anthuwo akhale pamenepo mpaka kalekale, nde amasankha kusachita kalikonse. Anthu amangopitiriza kugula madzi a m'zigubu pa mtengo wokwera kuposa womwe olemera amalipira pa mpopi wa m'nyumba, ana akudwala m'mimba chaka ndi chaka, mvula ikagwa madzi a m'zimbudzi akulowa m'nyumba.

Chitsanzo chomwe aliyense wodziwa nkhaniyi amatchula ndi Orangi, dera lalikulu kwambiri mumzinda wa Karachi ku Pakistan, ndipo ndikhalapo pang'ono chifukwa muli zambiri. Mu 1980 Akhtar Hameed Khan, bambo yemwe anali atagwirapo kale ntchito za chitukuko cha kumidzi ku Comilla, m'dziko lomwe pano ndi Bangladesh, anayambitsa Orangi Pilot Project. Iye sanafike ndi pulani m'thumba, anayamba wayenda m'tinjira n'kumamvetsera, ndipo anapeza kuti anthu anali atamanga nyumba zawo ndi ndalama zawo koma akugwiritsa ntchito zimbudzi za ndowa ndi maenje odzaza msanga, madzi oipa akuyenda pakati pa njira. Anthuwo amadikira boma chifukwa amakhulupirira kuti suweji ndi chinthu chodula choti munthu wamba sangachikwanitse. Nde gulu lake, pamodzi ndi katswiri wa zomangamanga Arif Hasan, linakhala pansi kuwerengera kuti kwenikweni chimadulitsa suweji n'chiyani, ndipo linapeza kuti gawo lalikulu la mtengo si simenti kapena paipi ayi, ndi phindu la kontirakitala, ziphuphu, komanso miyezo yopyola pa zomwe kanjira kakang'ono kakufunika. M'kanjira mosadutsa malole paipi sifunika kukwiriridwa mwakuya. Maenje oyenderamo pokonza atha kuumbidwa pomwepo ndi zikombole zachitsulo zobwerekana. Pakati pa chimbudzi ndi paipi anaikapo kathanki kakang'ono kogwira zolimba kuti paipi isamatsekeke. Mtengo unatsika mpaka kufika poti banja losauka likhoza kusonkha.

Koma nzeru yaikulu sinali ya paipi, inali ya kagawidwe ka anthu. Iwo sanayese kusonkhanitsa Orangi yense, anatenga kanjira kamodzi, nyumba 20 mpaka 40, anthu odziwana nkhope ndi maina. Anthu a kanjirako amasankha mmodzi wa iwo kukhala woyang'anira, amasonkha ndalama okha, amagula zipangizo okha, amalemba mmisiri okha. Bungwe lija silimagwira ndalama zawo olo pang'ono, ntchito yake inali kuyeza malo, kujambula pulani, kuwerengera mtengo, kubwereketsa zida ndi kuyang'anira kuti paipi yatsetsereka bwino. Kanjira kamodzi kakauma, fungo n'kutha, oyandikana nawo amabwera okha kudzafunsa. Mwa njira imeneyi mabanja pafupifupi 100,000 anadzimangira zimbudzi ndi mapaipi a suweji ndi ndalama za m'thumba mwawo.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amaimira poifotokoza nkhaniyi, ndipo akaimira apa amaiphonya. Paipi ya m'kanjira iyenera kukathira penapake. Ku Orangi poyamba imakathira m'makhwawa achilengedwe, kutanthauza kuti uve unachoka pakhomo koma unapita kwa ena kumunsi. Anthu a kanjira sangamange paipi yaikulu yodutsa mzinda, sangamange malo oyeretsera madzi oipa, imeneyo ndi ntchito ya boma basi. N'chifukwa chake gulu la Orangi linagawa ntchito pawiri momveka bwino, za mkati ndi za kunja. Za mkati ndi chimbudzi cha m'nyumba, paipi ya m'kanjira ndi paipi yolandira tinjira tingapo, izi anthu angathe. Za kunja ndi mapaipi akuluakulu ndi malo oyeretsera, izi boma lichite ndi misonkho. Ndipo zaka zambiri zotsatira gululi linathera mphamvu zake pa kukankha boma kuti lichite mbali yake, linaphunzitsa achinyamata a m'deralo kuyeza ndi kujambula mapu a ngalande ndi makhwawa a mzinda, mapu omwe ngakhale ofesi za boma zinalibe. Mu 1999 boma la chigawo cha Sindh, komwe kuli Karachi, linasiya ngongole ya madola 70 miliyoni ya Asian Development Bank yomangira suweji ku Korangi, dera lina la mumzindawu, anthu atasonyeza kuti pali njira yotsika mtengo yogwiritsa ntchito zomwe zinalipo kale. Mapu amenewa analinso oopsa kwa ena, chifukwa amaonetsa malo omwe akulandidwa ndi madzi omwe akubedwa. Perween Rahman, mayi yemwe amatsogolera ntchitoyi, anawomberedwa n'kuphedwa mu March 2013 akuchokera ku ofesi. Ndimaitchula imfa yake chifukwa anthu ena amaona ngati nkhani ya kutengapo mbali ndi yofewa, ya misonkhano ndi nyimbo, pomwe ikafika pa malo ndi madzi imakhudza ndalama za anthu amphamvu.

Tsono pali funso lomwe sindifuna kulizemba. N'chifukwa chiyani wosauka asonkhe ndalama ndi kukumba yekha pomwe wolemera khonsolo imamubweretsera paipi mpaka pa geti osagwira khasu? Funsoli ndi lachilungamo ndipo yankho loti "akakumba okha amachisamala" silikwanira. Munthu wa ganyu tsiku lomwe wakumba ulere ndi tsiku lomwe ana ake sanapeze chakudya, ndipo kawirikawiri amene amatuluka kukagwira ntchito zaulerezi ndi amayi, omwe ali kale ndi mtolo wa ntchito za pakhomo. Nde ngati kutengapo mbali kukutanthauza kuti boma lipulumutse ndalama pa msana wa osauka, ine ndikukana. Ku Orangi anthu analipira okha chifukwa njira ina inali kudikira zaka zosadziwika, ndipo iwo ndi amene anagwira ndalama ndi chisankho, sanali antchito a munthu. Komanso ambiri anali eni nyumba omwe amadziwa kuti sachotsedwa mawa. Zinthu ziwirizi zikasowa chitsanzo cha Orangi sichingakoperedwe.

Njira ina yomwe imayankha funso limeneli ndi yopereka kontirakiti kwa anthu eni dera. Ku Sri Lanka m'zaka za m'ma 1980, pa nthawi ya pulogalamu ya nyumba 1 miliyoni, boma linayamba kupereka ntchito zing'onozing'ono monga zitsime, zimbudzi, tinjira ndi ngalande kwa makomiti a anthu okhala m'deralo m'malo mwa kontirakitala wa kunja. Ndalama ndi za boma, pulani amagwirizana pamodzi, komiti imasainira, anthu ogwira ntchito amalipidwa. Ku Hanna Nassif mumzinda wa Dar es Salaam anachitanso chimodzimodzi kuyambira 1994 mothandizidwa ndi ILO, bungwe la United Nations loona za ntchito, anamanga ngalande za madzi a mvula ndi misewu pogwiritsa ntchito manja a anthu a konko m'malo mwa makina, ndipo amalandira malipiro. Ubwino wake ndi woonekeratu, ndalama ya pulojekiti imazungulira m'dera momwemo, achinyamata amaphunzira umisiri woti akadyere kwina, ndipo womanga ngalande ndi yemweyo amene nyumba yake idzalowe madzi ngati waba simenti, anzake akumuona tsiku lililonse. Koma vuto lake lili m'malamulo a kagulidwe ka zinthu za boma, omwe amafuna kampani yolembetsedwa, mbiri ya ntchito zakale, chikole cha ku banki, zinthu zomwe komiti ya m'dera ilibe. Ndipo malipiro a boma akachedwa miyezi itatu kontirakitala wamkulu amapirira ndi ndalama zake, komiti ya anthu osauka imagwa, anthu n'kuyamba kuloza atsogoleri awo kuti adya ndalama pomwe ndalamayo sinatuluke n'komwe. Khonsolo yomwe ikufunadi njirayi iyenera kusintha mafomu ake, kupereka ndalama yoyambira, kulipira m'zigawozigawo msanga, ndi kuika injiniya woti azipezeka pa malo osati wongobwera tsiku lotsegulira.

Za mainjiniya ndinenepo pang'ono, chifukwa pali ena amaganiza kuti anthu akatengapo mbali ndiye kuti katswiri safunikanso. Madzi satsata zofuna za msonkhano, amatsata kutsetsereka kwa nthaka, ndipo ngalande yokumbidwa ndi mtima wonse koma mopanda levulo imangosamutsa chigumula kuchoka pa nyumba iyi kupita pa iyo. Chomwe chimafunika ndi katswiri wololera kumva. Anthu amadziwa pomwe madzi amaima mvula ikagwa, kanjira komwe amayi amaopa kudutsa usiku, nyumba yomwe mwini wake sangalole paipi kudutsa. Ku Brazil injiniya José Carlos Melo koyambirira kwa zaka za m'ma 1980 anayambitsa mumzinda wa Natal suweji ya mapaipi ang'onoang'ono osazama, odutsa m'mabwalo a nyumba kapena m'mbali mwa njira, mdadada wonse wa nyumba n'kulumikizidwa ku paipi ya mzinda pa malo amodzi. Kuti zitheke pamafunika msonkhano wa mdadada uliwonse kugwirizana komwe paipi idutse. Njirayi inafalikira mpaka ku Brasília komwe inagwiritsidwa ntchito kwa olemera ndi osauka omwe, ndipo mfundo imeneyi ndi yofunika, chifukwa njira yotsika mtengo ikakhala ya osauka okha anthu amaiona ngati yachabechabe.

Ku India nkhani inali ya zimbudzi za onse. Makhonsolo amamanga zimbudzi kudzera mwa makontirakitala, pakangopita miyezi zitseko zathyoka, madzi palibe, palibe woyeretsa. Mu 1999 mkulu wa khonsolo ya Pune, Ratnakar Gaikwad, anatsegula mwayi woti mabungwe ndi magulu a anthu amange, ndipo m'zaka zochepa munamangidwa midadada ya zimbudzi yoposa 400. Gawo lina linamangidwa ndi mgwirizano wa bungwe lomwe si la boma la SPARC, gulu la amayi la Mahila Milan ndi chitaganya cha anthu okhala m'madera osauka chomwe ankatsogolera Jockin Arputham pa nthawiyo. Zomwe amayi anasintha pa pulani n'zomwe zimandigwira mtima. Anaika zimbudzi za ana pazokha zokhala ndi mabowo ang'onoang'ono, chifukwa ana amaopa bowo lalikulu komanso akuluakulu amawakankha pa mzere mmawa nde amangodzithandiza panja. Analekanitsa khomo la amayi ndi la abambo. Anaika thanki yaikulu ya madzi, ndi chipinda cha wosamalira pamwamba pa chimbudzicho kuti azikhala pomwepo ndi banja lake, ndipo mabanja amalipira kandalama ka pamwezi ka sopo ndi malipiro ake. Zonsezi palibe chodula, koma munthu amene sanaimepo pa mzere wa chimbudzi ndi mwana kumsana sangaziganize.

Nanga "anthu a m'dera" amenewa ndi ndani kwenikweni? Apa ndi pomwe mapulojekiti ambiri amapunthwa. Dera si munthu mmodzi. Muli eni nyumba ndi a lendi, ndipo m'mizinda yambiri a lendi ndi amene achuluka. Muli ogulitsa madzi omwe bizinesi yawo ithe paipi ikabwera. Muli atsogoleri a zipani, muli obwera kumene omwe sadziwika, muli olumala omwe pa msonkhano safika. Mukangolowa n'kufunsa kuti mtsogoleri ndi ndani, amene atuluke ndi amene ali kale ndi mphamvu, ndipo mpopi udzapezeka uli pafupi ndi nyumba yake. N'chifukwa chake magulu omwe ali mu mgwirizano wa Slum Dwellers International, womwe unakhazikitsidwa mu 1996, sayamba ndi pulojekiti, amayamba ndi magulu osunga ndalama tsiku ndi tsiku, ambiri mwa iwo amayi, komanso kalembera wochita okha, kuwerenga nyumba iliyonse, banja lililonse, mpopi ndi chimbudzi chilichonse, n'kujambula mapu. Kusunga ndalama kumaphunzitsa anthu kulemba mabuku ndi kufunsana za ndalama popanda ndewu, komanso kumaonetsa yemwe ndi wokhulupirika ndalama zazikulu zisanabwere. Kalembera amapangitsa kuti popita kwa khonsolo asapite ndi madandaulo okha koma ndi manambala omwe khonsoloyo ilibe. Ku Nairobi ntchito ngati imeneyi ya gulu la Muungano wa Wanavijiji ndi anzawo inathandiza kuti mu 2017 dera la Mukuru lilengezedwe kukhala malo ofunika pulani yapadera, ndipo pokambirana za kukula kwa misewu anthu anakankha kuti ikhale yocheperako kusiyana ndi muyezo wa masiku onse kuti mabanja ochotsedwa achepe.

Pansi pa zonsezi pali nkhani ya malo. Palibe munthu angaike ndalama yake mu paipi ngati akumva kuti chaka cha mawa kubwera zigumula nyumba. Sikuti nthawi zonse pafunika chikalata chaumwini, pena lonjezo lolembedwa ndi lokwanira. Ku Ahmedabad, mzinda wa ku India, pulogalamu ya Parivartan yomwe inayamba chapakati pa zaka za m'ma 1990 inalonjeza anthu kuti sachotsedwa kwa zaka 10, ndipo mabanja anavomera kusonkha gawo la mtengo wa madzi, suweji, njira ndi magetsi a mumsewu. Ku Thailand anapita patali. Pulogalamu ya Baan Mankong yomwe inayamba mu 2003 pansi pa bungwe la boma la CODI, lomwe ankatsogolera Somsook Boonyabancha pa nthawiyo, imapereka ndalama za zomangamanga ndi ngongole ya chiwongola dzanja chochepa mwachindunji kwa magulu a anthu, iwo n'kukambirana okha ndi mwini malo kuti agule kapena abwereke kwa nthawi yaitali, n'kupanga pulani yawo mothandizidwa ndi akatswiri. Gulu liyenera kukhala litasunga kale gawo la ndalama lisanalandire ngongole, ndipo malowo amakhala a gulu lonse osati a munthu payekha, kuti wina akapanikizika asagulitse kwa olemera mosavuta.

Mfundo yomalizayi ikukhudza vuto lomwe limabwera ntchito ikayenda bwino. Dera likakhala ndi njira yabwino, madzi ndi magetsi, mtengo wa malo umakwera, eni nyumba amakweza lendi, ndipo wa lendi yemwe anakumba nawo ngalande ija amasamuka kupita ku dera lina lopanda kalikonse, kumapeto kwa mzinda kapena m'mbali mwa mtsinje. Pa lipoti pulojekiti yapambana, koma anthu omwe amafuna kuthandizidwa sali pomwepo. Yankho lathunthu palibe amene ali nalo, koma pomwe a lendi analembedwa mu kalembera ndi maina awo, ali ndi mipando mu komiti, ndipo nkhani ya lendi inakambidwa ntchito isanayambe, mwayi woti atsale umakhalapo.

Kenako pali kusamalira, komwe aliyense amalonjeza tsiku lotsegulira. Kawirikawiri pulojekiti ikatha amangoti "tapereka m'manja mwa anthu" n'kumapita, ngati kuti komiti ya anthu ongodzipereka ingathe kuchotsa mchenga mu ngalande yaikulu chaka chilichonse mpaka muyaya. Anthu amasamuka, atsogoleri amatopa, ndalama ya m'bokosi imatha. Ngakhale ku Brazil kuja, m'mizinda ina makampani a madzi anadzatenganso ntchito yotsegula mapaipi a m'midadada ataona kuti mabanja sakukwanitsa. Zomwe anthu angathe ndi zapafupi, kusesa ngalande ya pakhomo, kusintha mpopi wothyoka, kutolera ndalama ya wosamalira chimbudzi, kuimba foni paipi ikaphulika. Koma foniyo payenera kukhala woiyankha, ndipo mu bajeti ya khonsolo muyenera kukhala mzere wa dera limenelo monga momwe ulili wa madera ena onse. Ndipo ngalande zambiri zimatsekeka ndi zinyalala, nde ngati galimoto yotola zinyalala sifika m'deralo, ngalande yatsopanoyo idzadzaza mvula yoyamba isanathe olo anthu akhale odzipereka bwanji, choncho mgwirizano wa ngalande uyenera kulembedwa limodzi ndi wa zinyalala, masiku ake ndi dzina la ofesi yoyankha.